IVAN GONCHAROV, MLEMBI WA DZINA LA OUMBA MBIYA

Munthu akamva mayina a anthu a ku Russia monga Kuznetsov, Melnikov kapena Goncharov, amangoti ndi mayina ovuta kutchula basi, osadziŵa kuti m'kati mwake muli mbiri ya ntchito zimene makolo a eni mayinawo ankagwira kalekale. Pakati pa Acheŵa mfunda monga Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe umasonyeza mtundu wa munthu, koma sunena kanthu za luso la makolo ake. Ku Russia mabanja ambiri adatenga mayina kuchokera ku ntchito ya manja ya gogo wina amene adaiŵalika kale.

Kapangidwe ka mayinaŵa nkosavuta kumvetsa. Kachidutswa ka kumapeto, -ov kapena -ev, kamagwira ntchito yonga ya "wa" m'Chicheŵa. Kuznets ndi wosula zitsulo, tsono mwana wake ankatchedwa Kuznetsov, ndiye kuti wa wosula. Melnik ndi mwini chigayo, rybak ndi msodzi, plotnik ndi mmisiri wa matabwa, pastukh ndi mbusa wa ziŵeto, ndipo m'mawu ameneŵa mudachokera mayina a Melnikov, Rybakov, Plotnikov ndi Pastukhov. Dzina likakhala la munthu wamkazi amawonjeza -a, kotero kuti mlongo wake wa Kuznetsov ndi Kuznetsova. Mabanja achifumu ndi amalonda adayamba kale kukhala ndi mayina otere, koma alimi ambiri adawalandira pambuyo pa chaka cha 1861.

Ena mwa eni mayinaŵa adatchuka pa dziko lonse. Alexander Popov, amene mu 1895 adaonetsa chipangizo cholandira mafunde a wailesi, dzina lake limatanthauza mwana wa wansembe, ndipo bambo ake adalidi wansembe, popeza ansembe a m'midzi a mpingo wa Orthodox amakwatira. Nikolai Kuznetsov adatsogolera asilikali a pamadzi a Soviet Union pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse. Mikhail Kalashnikov, amene mfuti yake ya AK-47 idajambulidwa pa mbendera ya Mozambique, dzina lake lidachokera kwa ophika buledi wa mtundu wina wotchedwa kalach. Nalo dzina la Goncharov lidachokera ku mawu akuti gonchar, woumba mbiya. Ku Malaŵi kuumba ndi luso la amayi, koma kumeneko kudali makamaka ntchito ya amuna, amene ankazunguza dongo pa gudumu. Dzinali adali nalo Natalia Goncharova, mkazi wa mlakatuli Alexander Pushkin, ndi Natalia Goncharova winanso wojambula zithunzi amene adamwalira mu 1962. Koma amene adalikweza koposa ndi mlembi Ivan Goncharov, wa banja lina losiyana ndi la amayi aŵiriŵa.

Ubwana wake m'mbali mwa Volga

Ivan Alexandrovich Goncharov adabadwa pa 18 Juni 1812 mu mzinda wa Simbirsk, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Volga, kutangotsala masiku oŵerengeka kuti Napoleon aloŵe m'dziko la Russia ndi ankhondo ake. Mzindawo tsopano umatchedwa Ulyanovsk. Dzina lapakatilo, Alexandrovich, limangosonyeza kuti bambo ake adali Alexander, monga mwa mwambo wa kumeneko. Ngakhale dzina la banjalo lidali la oumba mbiya, bamboŵa sadagwirepo dongo. Adali munthu wa malonda a tirigu, wachuma ndi wolemekezeka, ndipo adasankhidwapo kangapo kukhala mkulu wa mzindawo.

Nyumba imene Ivan adakuliramo idali ngati mudzi wathunthu. Padali nkhokwe, makola, zitupa ndi antchito ambirimbiri, ndipo chakudya sichinkasoŵa chaka chonse. Anthu ankadya kwambiri masana, kenaka nyumba yonse nkugona tulo mpaka dzuŵa litapendeka. Mzinda wonsewo udali wa moyo wotero, wopanda changu ndi wosafuna zachilendo. Mwanayo ankaona zonsezi, ndipo zidakhazikika mumtima mwake kufikira tsiku limene adadzazilemba.

Bambo ake adamwalira mu 1819, iye ali ndi zaka 7. Mayi ake, Avdotya Matveyevna, adali munthu wolimba pa mwambo ndi wodziŵa kusamala chuma. Pa ntchito yolera ana adathandizana ndi Nikolai Tregubov, bambo wake wa ubatizo wa Ivan, amene kale adali msilikali wa pamadzi. Mkuluyu adali ndi mabuku ambiri, mapu ndi zida zoyendera pa nyanja, ndipo ankakonda kusimbira mwanayo za maiko akutali. Chomwecho mnyamata amene adakulira pakati pa anthu okonda tulo adayamba kulota za nyanja zimene adali asadazione.

Sukulu ndi ntchito ya ukalaliki

Atatha zaka ziŵiri pa sukulu yogonera komweko ya wansembe wina kutsidya kwa Volga, kumene adaphunzira Chifalansa ndi Chijeremani, mu 1822 adatumizidwa ku Moscow ku sukulu ya zamalonda, popeza mayi ake ankafuna kuti adzaloŵe m'malo mwa bambo ake. Adakhalako zaka 8 ndipo sadaikonde konse sukuluyo. Aphunzitsi ankangoloŵetsa ana zinthu pamtima osawafotokozera tanthauzo lake. Chimene chidamupulumutsa ndicho kuŵerenga payekha, makamaka ndakatulo za Pushkin. Mu 1831 adaloŵa pa Yunivesite ya Moscow kukaphunzira za ziyankhulo ndi zolembalemba. Pa nthaŵi imeneyo padalinso achinyamata ena amene adadzatchuka, monga Lermontov, Belinsky ndi Herzen, koma Goncharov sankaloŵa nawo m'timagulu tokambirana ndale. Adali munthu wofatsa, wokonda kuonerera zinthu ali chapatali.

Adatsiriza maphunziro mu 1834, ndipo atagwirako ntchito pang'ono kwawo monga mlembi wa bwanamkubwa, mu 1835 adapita ku St Petersburg, likulu la dzikolo pa masiku amenewo. Kumeneko adalembedwa ntchito yomasulira makalata a zamalonda akunja mu Unduna wa Zachuma. Malipiro adali ochepa, choncho madzulo ankaphunzitsa Chilatini ndi zolembalemba za Chirasha ana a banja la Maykov, banja lokonda zojambula ndi ndakatulo. M'nyumba imeneyo ndimo adayamba kulemba tinkhani tating'ono tongoŵerengerana okhaokha. Poona kudekha kwake ndi kusafulumira kwake pa chilichonse, anzake adamupatsa dzina lachipongwe lotanthauza Kalonga wa Ulesi.

Buku lake loyamba, Obyknovennaya istoriya, ndiye kuti Nkhani Wamba, lidatuluka mu 1847 m'magazini ya Sovremennik, iye ali ndi zaka pafupifupi 35. Limasimba za Alexander Aduyev, mnyamata wa kumudzi amene adapita ku likulu mutu uli wodzaza ndi maloto a ndakatulo, chikondi chosatha ndi kutchuka. Kumeneko adakumana ndi Pyotr, mbale wa bambo ake, munthu wouma mtima amene ankayesa chinthu chilichonse ndi phindu lake. Mzinda udathyola maloto a mnyamatayo limodzi ndi limodzi, mpaka pomaliza iye adasanduka wofanana ndi mkuluyo, wonenepa, wa udindo, wokwatira chifukwa cha chuma cha mkazi. Koma pa nthaŵi yomweyo Pyotr adazindikira mochedwa kuti kuuma mtima kwake kudafooketsa mkazi wake, amene adali ndi zonse m'nyumba kupatula chikondi. Bukuli silipatsa chipambano kwa aliyense wa aŵiriŵa. Belinsky, amene mawu ake pa mabuku ankamveka kwambiri, adaliyamikira, ndipo kalaliki wosadziŵika uja adatchuka mwadzidzidzi.

Ulendo wa pa Pallada

Mu 1852 boma la Russia lidakonza zotumiza nthumwi ku Japan, dziko limene kwa zaka zoposa 200 lidatseka makomo ake kwa pafupifupi alendo onse. Mtsogoleri wa ulendowo, Yevfimy Putyatin, ankafuna mlembi wodziŵa kulemba bwino. Mlakatuli Apollon Maykov, amene kale adali wophunzira wa Goncharov, atakana mwayiwo, Goncharov adauvomera. Onse omudziŵa adadabwa kwambiri kuti Kalonga wa Ulesi, munthu wa zaka 40 woopa ngakhale kamphepo ka pa windo, akukwera sitima ya matanga kupita kumalekezero a dziko. Nthano za Tregubov zija zidagwira ntchito yake.

Sitimayo, dzina lake Pallada, idanyamuka mu Okutobala 1852. Idali yakale ndipo idavutika ndi namondwe isadafike nkomwe ku England, kotero kuti ali ku Portsmouth mlembiyo adatsala pang'ono kubwerera kwawo. Adalimba mtima napitirira. Adadzera ku Madeira ndi ku zilumba za Cape Verde, ndipo mu Malichi 1853 adafika ku Simon's Town, kumwera kwenikweni kwa Africa, kumene adakhala pafupifupi mwezi wathunthu sitima ikukonzedwa.

Goncharov sadaugone mwezi umenewo. Adayendera Cape Town, ndipo adakwera ngolo kupita ku Stellenbosch, Paarl, Wellington ndi Worcester. Adaona mseu wa m'mapiri umene Andrew Geddes Bain ankamanga pogwiritsa ntchito akaidi. Adakaonanso Siyolo, mfumu ya Axhosa imene Angerezi adaitsekera pa nthaŵi ya nkhondo imene idayamba mu 1850. Zimene adalemba za ku Cape ndi zina mwa nkhani zoyamba zatsatanetsatane zimene aŵerengi a ku Russia adalandira zokhudza kumwera kwa Africa. Komabe woŵerenga wa lero ayenera kuchenjera nazo. Maso ake adali akuthwa poona zovala, zakudya ndi nkhope za anthu, koma maganizo ake adali a Mzungu wa nthaŵi yake, wokhulupirira kuti Ulaya ndiye adayenera kutsogolera mitundu ina. Adaona mfumu ili m'ndende, koma sadafunse mozama za dziko limene anthu ake adalandidwa.

Kuchokera ku Cape sitimayo idadzera ku Java, Singapore ndi Hong Kong, nifika ku Nagasaki mu Ogasiti 1853, patangopita milungu yoŵerengeka Matthew Perry wa ku America atafika ku Japan ndi cholinga chonga chomwecho. Zokambirana zidayenda mwakachetechete ndi mochedwa, ndipo Goncharov ndiye ankalemba zonse. Zili chomwecho nkhondo ya ku Crimea idabuka, ndipo mu 1854 Britain ndi France adaloŵa nkhondoyo kulimbana ndi Russia. Sitima yokalambayo sikadatha kubwerera pa nyanja zodzaza ndi adani. Goncharov adatsikira pa doko la Ayan, kum'maŵa kwa Siberia, nayamba ulendo wa pamtunda, pena pa kavalo, pena pa bwato, pena pa ngolo yotsetsereka pa chipale, kudzera ku Yakutsk ndi Irkutsk. Adafika ku St Petersburg mu Febuluwale 1855, mwezi womwewo umene Putyatin adasayina pangano la Shimoda ndi Ajapani. Nkhani za ulendowu adazisonkhanitsa m'buku lotchedwa Fregat Pallada, limene lidatuluka mu 1858 ndipo likuŵerengedwabe.

Oblomov

Kuyambira kale asadapite ku nyanja, Goncharov adali ndi nthano ina mumtima. Chigawo chake chimodzi, chonena za loto la Oblomov, chidasindikizidwa mu 1849, koma zotsalazo zidangokhala zaka ndi zaka. M'chilimwe cha 1857 adapita ku Marienbad kukalandira chithandizo cha madzi a m'akasupe, ndipo kumeneko ntchito idamasuka. M'milungu 7 yokha adalemba mbali yaikulu ya buku limene lidamukanika kwa zaka 10. Oblomov lidatuluka mu 1859, chaka chimene David Livingstone adafika pa Nyanja ya Malaŵi.

Kuti bukuli limveke, pafunika kudziŵa za moyo wa ku Russia pa nthaŵiyo. Alimi mamiliyoni ambiri adali omangika ku minda ya mabwana. Ankalimira bwana kapena kumulipira msonkho, sankaloledwa kusamuka popanda chilolezo chake, ndipo ankatha kugulitsidwa. Mchitidwewu umafananako ndi thangata, koma udali woŵaŵa kuposa pamenepo, popeza munthu ankabadwiramo ndi kuferamo. Chuma cha bwana chinkayesedwa ndi chiŵerengero cha anthu ake.

Ilya Ilyich Oblomov ndi bwana wotere, wa zaka zopitirira pang'ono 30, mwini alimi oposa 300 amene sadawayendere kwa zaka zambiri. Amakhala mu St Petersburg ndi wantchito wake wokalamba, Zakhar, waulesi ngati mbuye wake yemwe. Pafupifupi chigawo chonse choyamba cha bukuli chimatha Oblomov ali chigonere, atavala mkanjo wake wakale wa m'nyumba. Ali ndi mavuto aŵiri: nyakwaŵa ya kumudzi yalemba kalata kuti zokolola zachepa, ndipo mwini nyumba akufuna kuti asamuke. Zonsezi zikungofuna kalata imodzi kapena ziŵiri, koma tsiku limatha kalata isadalembedwe. Munthuyu sali wopusa kapena woipa mtima. Ndi wophunzira, wachifundo, wosanama, ndipo m'mutu mwake muli mapulani abwino okonzera mudzi wake. Adagwirapo ntchito ya boma zaka ziŵiri, koma tsiku lina atatumiza kalata ku Arkhangelsk m'malo mwa ku Astrakhan, adachita mantha ndi chidzudzulo, natumiza kalata ya dokotala, osabwereranso ku ofesi.

Chigawo cha loto chija ndicho chimaulula gwero la matendaŵa. Ali mwana m'mudzi wa Oblomovka, Ilya adali wothamangathamanga ngati ana ena onse. Koma akafuna kudzitengera kanthu, antchito atatu kapena anayi ankathamanga kukamutengera. Akafuna kutuluka panja, ankamubweza poopa chisanu kapena dzuŵa. Makolo ake ankapeza zifukwa zomujombetsera ku sukulu, lero kwazizira, maŵa kukubwera alendo, mkuja ndi chikondwerero. Iwo ankafuna kuti mwana wawo adzapeze setifiketi ndi udindo, koma osavutika ndi kuphunzira kwenikweniko. Mnzake wa pa sukulu, Andrei Stolz, nthaŵi zambiri ankamuchitira ntchito ya m'kalasi. Chomwecho mwanayo adakula osavalapo yekha masokosi, ndipo mphamvu zimene zidasoŵa potulukira zidafota m'kati mwake.

Stolz, amene bambo ake Achijeremani adamuphunzitsa ntchito kuyambira ali wamng'ono, adayesetsa kumudzutsa mnzakeyo. Adamudziŵitsa kwa Olga Ilyinskaya, mtsikana wanzeru ndi woimba bwino. Kwa kanthaŵi Oblomov adasinthadi: adavula mkanjo uja, adayamba kudzuka m'mamaŵa ndi kuŵerenga mabuku, ndipo aŵiriwo adagwirizana za ukwati. Koma ukwati udafuna kuti apite kumudzi kukalongosola chuma, apeze nyumba, asayine mapepala. Chilichonse ankati adzachita maŵa. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau. Olga adatopa nazindikira kuti ankakonda munthu amene Oblomov akadakhala, osati amene adalipoyo, ndipo pambuyo pake adakwatiwa ndi Stolz. Oblomov adakakhala kwa mayi wina wamasiye, Agafya Pshenitsyna, amene ankamuphikira ndi kumusamala osamufunsa kanthu, namusokereranso mkanjo uja. Adamukwatira, adabereka naye mwana, ndipo adamwalira mwakachetechete atadwala matenda ofa ziŵalo. Mwanayo adaleredwa ndi Stolz ndi Olga.

Bukuli lidagwedeza dziko. M'chaka chomwecho Nikolai Dobrolyubov, mnyamata wa zaka 23, adalemba nkhani yotchuka yofotokoza kuti oblomovshchina, ndiye kuti chioblomov, sadali matenda a munthu mmodzi, koma a gulu lonse la mabwana odya thukuta la ena. Patapita zaka ziŵiri, mu 1861, Mfumu Alexander II idamasula alimi oposa 20 miliyoni. Mawu akuti oblomovshchina adaloŵa m'Chirasha ndipo alimobe. Lenin, amene nayenso adabadwira ku Simbirsk mu 1870, ankatchula dzina la Oblomov podzudzula akuluakulu a boma okonda misonkhano yosatha popanda chochitika. Komabe aŵerengi ena adaona mbali ina. Iwo adati Stolz ndi wotanganidwa koma wosazama, ndipo kuti funso la Oblomov, lofuna kudziŵa chimene anthu akuthamangira usana ndi usiku, silidayankhidwe mokwanira. Mphamvu ya bukuli ili pamenepo: woŵerenga amamukonda Oblomov, koma amaona bwino lomwe kuti moyo wake udatayika.

Wopima mabuku ndi mkangano wake

Kuyambira 1856 Goncharov adali pa ntchito ya boma yopima mabuku asadasindikizidwe, ndi mphamvu zololeza kapena kuletsa. Udindowu udamuika pamalo ovuta, popeza iye mwini adali mlembi, ndipo anzake ambiri ankamuyang'ana ndi diso lokayika. Poyamba adathandiza kuti mabuku ena a Turgenev, Pisemsky ndi Lermontov aloledwe. Adasiya ntchitoyo mu 1860, koma adabwereranso pa udindo wokwererapo mu 1863, ndipo pa nthaŵi imeneyi adaumira mtima magazini a achinyamata ofuna kusintha zinthu mwamsanga. Adapuma ntchito ya boma mu 1867.

Chilema chake chachikulu chidali kukayikira anzake. Mu 1855 adafotokozera Ivan Turgenev mwatsatanetsatane nthano imene ankakonza kulemba. Turgenev adali wolemba mofulumira, ndipo mabuku ake atsopano atatuluka mu 1859 ndi 1860, Goncharov adakhulupirira kuti mnzakeyo adamubera anthu ndi zochitika za m'nthano yake. Nkhaniyi idakula mpaka mu Malichi 1860 alembi anzawo anayi adakhala pansi kuti aiweruze. Iwo adagamula kuti panalibe kuba, koma kuti anthu aŵiri olemba za dziko limodzi pa nthaŵi imodzi sangalephere kufanana pena ndi pena. Ubwenzi udatha pomwepo. Ngakhale adadzayankhulananso patapita zaka, chilondacho sichidapole. Pa ukalamba wake Goncharov adafika pokhulupirira kuti ngakhale alembi ena a ku France ndi ku Germany adalandira maganizo ake kudzera mwa Turgenev. Adalemba zonsezi m'kabuku kamene sikadasindikizidwe kufikira 1924.

Nthano imene ankailimbirayo idatuluka mu 1869 ndi dzina lakuti Obryv, ndiye kuti Phompho, patatha zaka 20 chiiyambire. Imasimba za Raisky, munthu wa luso lambiri koma wosatsiriza kanthu, za gogo wosunga mwambo wakale, ndi za mtsikana Vera amene adakopeka ndi Mark Volokhov, mnyamata wokana chipembedzo, ukwati ndi ulamuliro uliwonse. Anthu wamba adaliŵerenga ndi chidwi, koma opima mabuku achinyamata adalinyoza kuti ndi mawu a nkhalamba yosamvetsa mbadwo watsopano. Goncharov adapwetekedwa mtima kwambiri ndipo sadalembenso nthano ina yaitali. Mabuku ake atatu a nthano, onse oyamba ndi zilembo Ob, iye ankawaona ngati nkhani imodzi ya dziko la Russia likuchoka m'tulo kupita ku moyo watsopano.

Zaka zake zomaliza

Adakhala zaka pafupifupi 30 m'nyumba imodzi yaing'ono pa mseu wa Mokhovaya mu St Petersburg. Sadakwatire. Adalembabe nkhani zifupizifupi, ndipo yodziŵika kwambiri ndi ya mu 1872 yofotokoza seŵero la Griboyedov. Wantchito wake Karl Treigut atamwalira mu 1878, nasiya mkazi ndi ana atatu aang'ono, Goncharov sadawathamangitse. Adawasunga m'nyumba mwake, adawaphunzitsa anawo ndi kuwalipirira sukulu, ndipo pomwalira adawasiyira chuma chake. Munthu amene adalemba za bwana wodyera antchito ake adatsiriza moyo wake akulera ana a wantchito.

Maso ake adafooka, ndipo diso limodzi lidaleka kuona. Asadamwalire adatentha makalata ndi zolemba zake zambiri, napempha kuti makalata ake a kwa anzake asadzasindikizidwe. Adadwala chibayo namwalira pa 27 Seputembala 1891, ali ndi zaka 79. Adaikidwa ku manda a Alexander Nevsky Lavra, ndipo mu 1956 mafupa ake adasamutsidwira ku manda a Volkovo, kumene kudagona alembi ambiri a dzikolo. Nyumba imene adabadwiramo ku Ulyanovsk idasandutsidwa yosungiramo mbiri yake, ndipo mu 1980 kudatuluka kanema wa Oblomov wokonzedwa ndi Nikita Mikhalkov.

Anthu ambiri a nthaŵi yake ankaganiza kuti Oblomov ndi Goncharov yemwe, ndipo nzoona kuti aŵiriŵa adakulira m'nyumba zofanana, adali ochedwa pa zinthu ndiponso oopa zachilendo. Koma mbiri yake ikutsutsa ganizo limeneli. Goncharov adagwira ntchito ya boma zaka zoposa 30, adazungulira Africa pa sitima yokalamba, adadutsa Siberia yense, mbali yaikulu m'nyengo ya chisanu, ndipo buku lililonse limene adaliyamba mwa atatu aja adalitsiriza, ngakhale lina lidamutengera zaka 20. Tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. Kuchedwa kwa munthu amene akugwirabe ntchito nkosiyana ndi kuchedwa kwa munthu amene sadayambe nkomwe.

Wachinyamata amene watsiriza sukulu ndipo ali pakhomo kudikira ntchito, akhoza kudzipeza m'masamba a bukuli mosayembekezera, pakuti kalata yosalembedwa ija ndi munda wosayenderedwa uja sizili ku Russia kokha. Nawonso makolo ndi aphunzitsi ali ndi gawo lawo. Oblomov sadabadwe waulesi. Adamuumba chomwecho ndi anthu amene ankamukonda, amene ankamuchitira zonse ndi kumufunira setifiketi yopanda thukuta. Mbiya imatenga maonekedwe ake dongo likadali lofeŵa, ndipo ikapsa pa moto palibenso woiwongola.